Ngolo ya Utoto Wobiriwira

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi m'chaka cha 2021, ndinabwerera kwathu ku Dowa, kufupi ndi Mponela, ndi maganizo akuti masiku anga otsala ndiwathere pa ulimi. Zina mwa ndalama zimene ndinalandira popuma ndinagulira ng'ombe zinayi ndi mbuzi zisanu. Ndinkadziyesa katswiri, pakuti kwa zaka 35 ndinali nditaphunzitsa ana za ulimi m'kalasi. Sindinadziwe kuti choko ndi khasu sizigwiridwa mofanana.

Chaka cha 2022 chinadza ndi mavuto. Nkhondo ya pakati pa Russia ndi Ukraine itabuka m'mwezi wa February, mtengo wa feteleza unakwera m'maiko ambiri, ndipo m'mwezi wa May kwacha yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Thumba la makilogalamu 50 linafika pa mtengo umene penshoni ya mphunzitsi sikanaupirira. Apa m'pamene maso anga anatembenukira ku khola, kumene manyowa anali ataunjikana. Vuto linali limodzi: munda wanga uli pa mtunda wa makilomita atatu, ndipo ine ndi mayi a kunyumba tinali titapitirira msinkhu wosenza madengu.

M'maiko olemera alimi a ziweto ali ndi makina okokedwa ndi thirakitala amene amanyamula manyowa ndi kuwamwaza okha m'munda, ndipo mlimi wamng'ono kumeneko kawirikawiri amagula makina ogwirapo kale ntchito. Kwathu kuno makina athu ndi ngolo, fosholo ndi khasu. Popeza ngolo yatsopano sindikanaikwanitsa, nanenso ndinayamba kufunafuna yogwirapo kale ntchito.

Ndinaipeza tsiku la msika. Inali yopakidwa utoto wobiriwira, yowala ngati yangotuluka kumene kwa mmisiri. Mwini wake anandiuza kuti, "Bambo, ngolo imeneyi yangoyenda dzinja limodzi lokha. Mukachedwa, wina aitenga." Ndinaizungulira kawiri, ndinasisita utotowo, ndi kupereka ndalama. Madzulo mayi a kunyumba anandifunsa kuti, "Kodi abambo, munayamba mwafunsako agogo aja?" Ankanena mkulu wina woyandikana nafe, amene wakhala akuyendetsa ngolo kuyambira ubwana wake koma sanapondeko m'kalasi. Ndinayankha mwamatama kuti kugula ngolo sikulira uphungu. Ndinaiwala kuti safunsa anadya phula.

Pa ulendo wachitatu, m'mwezi wa September, tikutsika pa khwawa ndi ngolo yodzaza, tayala la kumanzere linaguluka. Matabwa a pansi anathyoka, manyowa anakhutukira m'njira, ndipo goli linapotoka ndi kusupula ng'ombe imodzi pakhosi. Ndinakhala pansi pa chulu manja ali m'khosi. Ndalama zinali zitapita, ng'ombe yavulala, mvula ili pafupi, munda uli wosathira kanthu.

Agogo aja anafika osaitanidwa. Sanandiseke. Anagwada pambali pa ngoloyo nati, "Aphunzitsi, bwerani muone. Ngolo siigulidwa ndi maso okha ayi." Anandiuza kuti wogula ayenera kutukula mbali imodzi, kugwedeza tayala ndi kulizunguza. Likamagwedera kapena kulira, ndiye kuti tizitsulo tozungulira ta m'kati tinadyeka. Anandionetsa pamene ekiselo inathyokapo kale ndi kuwotchereredwa mwachinyengo. Kenaka anatulutsa mpeni nabaya thabwa kuchokera kunsi, ndipo mpeniwo unalowa ngati mu dzungu lophika. Anafotokoza kuti chinyezi cha manyowa chimaoletsa matabwa ndi kuchititsa dzimbiri misomali, motero ngolo ya ntchito imeneyi iyenera kupalidwa ndi kuumitsidwa ikaweruka. Anamaliza ndi mawu akuti wogula wanzeru amapempha kuti ngolo isenzetsedwe katundu ndi kuyendetsedwa iye akuona. Utoto uja unali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kukonzetsa kunandidyera ndalama zina zambiri, ndipo ndinagulitsa mbuzi ziwiri. Pa masabata amene tinkadikira kuti ng'ombe ichire, agogowo anandibwereka ngolo yawo, nandiphunzitsanso za manyowa. Ndowe zaziwisi zimawotcha mbewu, choncho ziyenera kuyamba zaola bwino pa mthunzi. Manyowa akasiyidwa pa mtetete, dzuwa ndi mvula zimachotsa mchere wa naitirojeni umene chimanga chimaufuna. Akafika kumunda ayenera kukwiriridwa msanga m'mizere kapena m'mapando. Zambiri mwa izi ndinali nditazilembapo pa bolodi, koma ndinazimvetsa tsiku limene ndinazigwira ndi manja.

Tinatsiriza kututa manyowa mvula yoyamba isanagwe. Pamene kunachita ng'amba ya masiku angapo, chimanga cha m'chigawo chothira manyowa sichinafote msanga ngati chinzake, pakuti nthaka ya manyowa imasunga chinyezi. Chaka chimenecho nkhokwe yathu sinatichititse manyazi.

Ngoloyo ndikali nayo. Utoto wobiriwira uja unasuluka kalekale, ndipo sindinaupakenso. Inu ophunzira, tsiku lina mudzagula njinga, makina osokera kapena galimoto zimene wina anagwiritsapo kale ntchito, pakuti ambiri a ife timayambira pamenepo. Palibe chochititsa manyazi pa kugula chinthu chakale. Koma musanatulutse ndalama, werani muone kunsi kumene kumasenza katundu, ndipo tengani munthu wodziwa, ngakhale akhale wosatha kulemba dzina lake.