Usiku umene Kamba anachoka pa mphasa

Mwezi wa Epulo kwathu ku Chamama umakhala wa fumbi la fodya. Masana onse tili m'chigafa kusankha masamba, abambo ali pa jeke kudinda mabelo opita ku Chinkhoma. Kukada thupi limakhala lalema koma tulo sitibwera msanga. Ndi nthawi ngati imeneyi pamene ndinayambitsa masewera amene anangotsala pang'ono kundidanitsa ndi mwana wa eni.

Ndinali nditaonera pa YouTube anthu akusewera Dungeons & Dragons, masewera amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Munthu mmodzi amafotokoza nkhani, ena onse aliyense amakhala munthu wa m'nkhanimo, ndipo akafuna kuchita chinthu chovuta amaponya dayisi, kawirikawiri ya mbali 20. Ife tinalibe mabuku ake. Tinali ndi dayisi ya Ludo, mphasa, nyali ya sola, ndi nthano za agogo m'mutu.

Ndinagawa nyama zinayi. Msuweni wanga anakhala Njovu: pofuna nyonga, akaponya 2 kapena kuposa, zatheka. Mlongo wanga anakhala Fisi, wonunkhiza zobisika, kuyambira pa 3. Mng'ono wanga anasankha Kalulu, wopusitsa anthu, koma kuyambira pa 4, ndiye kuti theka la maulendo ankalephera. Wachinayi anali mnyamata wa zaka 12, mwana wa a tenanti amene anabwera kuchokera ku Phalombe. Iyeyu ndinamupatsa Kamba, wa chigoba chosasweka. Mkango umulume, mwala umugwere, Kamba savulala, ndipo safunika ngakhale kuponya dayisi.

Kunena zoona ndinkadziona ngati munthu wabwino. Ndinkati mlendoyu ndamukondera, ndamupatsa mphamvu yoposa onse.

Tinasewera mausiku atatu. Kuseka kunali koopsa, mpaka amayi kutikalipira kuti tidzutsa mudzi. Usiku wachinayi, nkhani ili pakati, mnyamata uja anangodzuka, n'kuvala patapata.

"Bwanji aphwanga, watopa?"

"Ayi achimwene. Kungoti ine ndimangokhalapo. Sewerani, ndizimvera kunja."

Sanakwiye, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Anayankhula ngati munthu amene anazolowera kale kuti zinthu za pakhomo pano si zake.

M'mawa mwake ndinatsegula kope limene ndinkalembamo nkhani, n'kuwerenga mavuto onse amene ndinawaikira. Analipo 20. Kalulu anathetsa 11, Njovu 5, Fisi 4. Kamba, ziro. Nyama imene ndinkayesa yofooka ndi imene inkalamulira mphasa yonse. Chifukwa chake chinali poyera: nyonga imagwira ntchito pokhapokha pali chonyamula kapena chogumula, pomwe bodza limalowa paliponse. Mlonda wa pachipata, ng'ona ya pamtsinje, mfumu yaukali, onse Kalulu ankawanyengerera, ndipo akalephera ankangoyesanso, osataya kanthu. Chigoba cha Kamba chinkadikira kuti wina amumenye kaye. Mwana wa eni anakhala mausiku atatu akudikira kumenyedwa kuti naye aoneke.

Ndinawafotokozera amayi tikusankha fodya. Sanadabwe. Ananyamula tsamba lalitali n'kuliika pa mulu wa giredi yotsika.

"Iwe ukaona kutalika umati basi ndi fodya? Ona mtundu, ligwire umve kukhuthala, udziwenso kuti linali pansi kapena pamwamba pa mtengo. Chinthu chimodzi sichikuuza mtengo wake."

Ndinabwerera pa intaneti n'kupeza kuti osewera Dungeons & Dragons akhala akukangana za vuto lomweli kwa zaka zambiri: wamatsenga akamakula amatha kuchita pafupifupi chilichonse, pomwe msilikali amangodziwa lupanga. Okonza masewerawo amayesa kulinganiza poika malire. M'malamulo amene anatuluka mu 2014, matsenga akuluakulu ali ndi chiwerengero, akatha mpaka munthuyo apume nthawi yaitali. Komanso wamatsenga ndi wosachedwa kugwa: moyo wake amauwerengera pa dayisi ya mbali 6, pomwe wa msilikali ndi wa mbali 10. Mphamvu yolowa paliponse amailipiritsa.

Kuyambira pamenepo, ndikafuna kuyeza mphamvu ya nyama iliyonse ndimadzifunsa zinthu zitatu. Kodi imagwira ntchito kangati pa usiku umodzi? Kodi mwini wake amataya chiyani akaigwiritsa ntchito? Nanga amaiyambitsa yekha, kapena amadikira kuti wina amuchitire kanthu? Nambala ya pa dayisi imabwera pambuyo.

Kalulu ndinamupatsa njere zitatu za chimanga. Bodza lililonse ndi njere imodzi, litheke lisatheke, ndipo amene wapusitsidwa kamodzi sapusitsidwanso. Mng'ono wanga analusa.

"Achimwene, mukundichitira nsanje eti? Kalulu m'nthano zonse amawina!"

Ndinamukumbutsa nthano ya chitsime ija, kuti nyama zikuluzikulu zitalephera kulondera madzi, amene anagwira Kalulu anali Kamba. Anakhala chete.

Kamba sindinamuwonjezere kulimba. Ndinamupatsa zochita: atha kudziika kutsogolo kuti atchinjirize mnzake, atha kulowa m'phanga mmene Njovu sangakwane, ndipo mawu ake mafumu amawakhulupirira, chifukwa sananamepo. Inenso ndinasintha kafotokozedwe kanga. Usiku uliwonse ndinkaonetsetsa kuti pakhale vuto limodzi limene nyama iliyonse ingalithetse bwino kuposa zinzake.

Kukamuitana mnyamata uja kunali kovuta kuposa masamu onsewa. Ndinamupeza akuthandiza bambo ake kutsitsa fodya m'chigafa. Ndinamuuza kuti wolakwa ndinali ine, osati iye, ndipo kuti popanda Kamba nkhani yaima. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati abwera akadya nsima.

Usiku umenewo mfumu ya ng'ona inagwira Fisi. Kalulu anali atamaliza njere zake zonse pa zinthu zopanda pake. Njovu sakanatha kulowa m'madzi akuya. Onse anatembenukira kwa Kamba. Mnyamata uja anakhosomola pang'ono, n'kuyankhula ndi ng'ona mwaulemu ngati nkhoswe pa mlandu, ndipo anaponya 5. Mlongo wanga anakuwa mpaka agalu anauwa.

Fodya atagulitsidwa, banja lawo linabwerera ku Phalombe. Tsiku lonyamuka anandipempha chinthu chimodzi, kuti ndimukopere malamulo onse papepala, pamodzi ndi za njere zitatu zija. Anati kwawo kuli ana ambiri, ndipo akudziwa kale amene adzalimbirane Kalulu. Dayisi ya Ludo ndinamupatsa yomweyo.