Mawu a Agogo M'fulashi

Kwathu ku Mulanje Chilhomwe chikuzilala m'makomo ambiri, achinyamatafe timangodziwa moni basi. N'chifukwa chake patchuthi ndinkajambula agogo anga akusimba nthano. Foni ikadzaza, mawuwo ndinkawasamutsira m'fulashi, kusungira kafukufuku wanga wa chaka chomaliza.

Fulashiyo itangolowa pa kompyuta ya m'kafe ina pa Chitakale, mafoda onse anasanduka tizizindikiro topanda kanthu. Agogo n'kuti atamwalira kale.

Mnzanga wophunzira zamakompyuta mausi sanaigwire n'komwe. Anatsegula windo lakuda lija la Windows n'kulemba dir /a. Palokha, dir imatchula zooneka zokha, koma ukawonjezera /a imaulula ndi zobisika zomwe. Pa Linux amalemba ls -a, lamulo lochokera ku Unix imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba ku Bell Labs mu 1969. Mafoda onse anandandalika, iliyonse ndi tsiku lake. Kachilomboko kanali katangowabisa, ndipo lamulo lina, attrib, linawabweza poyera.

Ine wa zilankhulo ndinachita nalo kaso liwu la zilembo zitatulo. Fayilo yoyamba kutsegula inali nthano ya kalulu, agogo akutsokomola pakatikati n'kundiuza kuti nditseke chitseko.