Ku Chibavi chisanu sichitsazika msanga

Aliyense wonena kuti Malawi ndi dziko lotentha sanagonepo ku Chibavi. Mzinda wa Mzuzu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndiye Chibavi ali m'mbali mwa dambo, kumene mpweya wozizira umatsikira usiku nkukhazikika ngati kwawo. Chipale chofewa chija timaona pa kanema kuno kulibe, koma abale, mano amagwedezeka okha.

Ndinafikako mu Ogasiti, nthawi yomwe ambiri amati chisanu chinapita ndi Julayi. Bodza! Mayi wina wogulitsa kaunjika ndinam'peza akumasula belo la majekete.

"Amama, simuluza apa? Si dzuwa likubwerali?" ndinafunsa.

"Adada, tayang'anani kum'mawa uko," anatero akuloza mapiri a Kaning'ina. "Mitambo ikafunda phiri, mphepo nkumachokera kunyanja, mawa lake ndi mvula yowaza tsiku lonse. Majeketewa atha."

Mpamba wake wonse mayiyu anauika pa mitambo imeneyo. Akaphonya, belo ligona mpaka Meyi, ana nkumadya chiyani?

Chodabwitsa nchakuti a zanyengo, omwe ali ndi zida zawo pabwalo la ndege la Mzuzu chapafupi pomwepa, amanenanso zomwezo pa wailesi, kungoti m'chizungu chambiri. Mpweya wozizira ndi wachinyontho umachokera kunyanja ya mchere ya Indian, nkudutsa ku Mozambique. Ku Blantyre amati chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone, pomwe asodzi a ku Nkhata Bay amauona ngati mwera. Ukakwera mapiri umasanduka nkhungu ndi mvula yowaza.

Koma bambo wina wa kabaza anandiuza kuti iye saopa mitambo. Amaopa usiku wa nyenyezi mbuu, wopanda mphepo. Ali ndi mfundo: mitambo ili ngati bulangete, ikachoka kutentha kwa nthaka kumathawira kumwamba, ndipo m'bandakucha kudambo kumazizira koopsa.

Usiku wotere ndi umene anthu amalowetsa mbaula m'nyumba nkutseka mazenera onse. Mpweya wa makala sununkha, koma umapha munthu ali m'tulo. Ana nawo chifuwa ndi chibayo sizichedwa.

Tsono mukamapita ku Chibavi mu Ogasiti, jekete musasiye. Mukaiwala musadandaule, amama aja akugulitsani, koma mtengo wake udzatengera mmene Kaning'ina wadzukira tsiku limenelo.