Mitengo ya ku Dar es Salaam: Dzina Lokha Silikwanira

Wapaulendo wochokera ku Malawi akawoloka malire pa Songwe, n'kudutsa Mbeya, Iringa ndi Morogoro, amalandiridwa ku Dar es Salaam ndi kutentha kwa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ambiri amabwera kudzaoda katundu ku Kariakoo kapena kudzatenga galimoto padoko. Koma mzinda umenewu, umene Sultan Majid wa ku Zanzibar anayamba kuumanga m'zaka za m'ma 1860, uli ndi phunziro lina kwa mlimi ndi mlangizi: mitengo yapachibale imafanana ngati ana a bere limodzi, ndipo woidziwa ndi dzina lokha sachedwa kunyengeka.

Pakati pa mzindawu, pafupi ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, pali munda wa mitengo umene Mjeremani wina, Franz Stuhlmann, anautsegula mu 1893 kuti aziyeseramo mbewu za kumayiko ena. Lero mundawo ndi wochepa kusiyana ndi kale, koma mitengo yobwera ili ponseponse m'misewu. Wodziwika kwambiri ndi nimu, wochokera ku India, amene mthunzi wake umasunga ogulitsa zipatso ndi osoka nsapato dzuwa likaswa mtengo. Aswahili amautcha mwarobaini, kuchokera ku mawu otanthauza 40, poti amati umachiza matenda ochuluka chotero. Ndi mtengo womwewo umene wadzaza m'midzi ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje.

Nimu ali ndi m'bale wake, indya, amene amapezeka kwambiri m'madera ozizirirapo monga Lilongwe ndi Dedza. Mbande zikakhala zazing'ono, anthu ambiri amazisokoneza. Komatu kusiyana kulipo. Tsamba la nimu ndi kamtengo kamodzi kokhala ndi timasamba mbali ino ndi inayo, pamene la indya limagawikanso kachiwiri, timasamba n'kumera pa tinthambi tating'ono. Maluwa a nimu ndi oyera. A indya ndi ofiirira mobiriwira. Chipatso cha nimu n'chotalikirapo ngati dzira, pamene za indya n'zobulungira ndipo zimatsalira lendewera mumtengo masamba atayoyoka. Kusiyanitsa kumeneku si kwa akatswiri okha. Alimi amasinja njere ndi masamba a nimu pothana ndi tizilombo m'dimba ndi m'nkhokwe, koma zipatso za indya zili ndi poizoni woopsa kwa ana ndi nkhumba. Gulu likagawa mbande za indya pasukulu poganiza kuti ndi nimu, laika ana pangozi.

Kumpoto kwa mzindawu kuli msika wa ziboliboli wa Mwenge, kumene amisiri, ambiri mwa iwo Amakonde, amasema mtengo umene amautcha mpingo, phingo kwa ife. Alendo amangoti mtengo uliwonse wakuda ndi ebony, koma dzinali kwenikweni ndi la banja la msumwa, wa masamba amodziamodzi ndi zipatso zodyedwa. Phingo ndi wa banja la nyemba. Ndi mtengo waufupi, wokhotakhota, wa minga kunsonga za nthambi, timasamba tating'ono ndi timakoko taphanthiphanthi. Ukadulidwa, pakati pamaoneka pakuda bii, pozunguliridwa ndi mnofu woyera, ndipo chidutswa chake chimamira m'madzi. N'chifukwa chake amisiri ena amasiya kachigawo koyera pa chiboliboli, kuti wogula aone kuti si mtengo wamba wopakidwa polishi. Phingo amatenga zaka pakati pa 70 ndi 100 kuti akhwime, ndipo ku Ulaya amapangira zitoliro zamtengo wapatali. Mudzi umene umamuwotcha makala posamuzindikira ukuwotcha chuma cha zidzukulu.

Akalipentala a mumzindawu nawo ali ndi mtengo umene amaukonda popanga zitseko ndi mabedi. Amautcha mninga, ndiye mlombwa wathu uja. Uli ndi m'bale wake, mukula, amene anatchuka ku Zambia pamene zipika zake zinayamba kutumizidwa zambirimbiri ku China, zina kudzera padoko lomweli la Dar es Salaam. Mitengo yonse iwiri ikatemedwa imakha utomoni wofiira ngati magazi, choncho utomoni sungathetse mkangano. Umboni uli pa khoko la njere. La mlombwa ndi lozungulira ngati kambale, lokhala ndi phiko m'mbali ndi ubweya wobaya pakati. La mukula lili ndi phiko, koma pakati pake palibe zobayazo.

Malamulo a malonda nawo amatsata kusiyana kumeneku. Pangano la mayiko loteteza zachilengedwe pa malonda, la CITES, linaika phingo ndi abale ake onse pa mndandanda wa mitengo yofunika chilolezo potumizidwa kunja kuyambira mu 2017. Mukula anaikidwa mu 2019, ndipo msonkhano wa ku Panama mu 2022 unawonjezera mlombwa, mbawa ndi msambamfumu. Komiti ya nkhalango ya m'mudzi imene siitha kusiyanitsa mitengoyi ingagulitse wamtengo wapatali ngati nkhuni, kapena kupezeka pamlandu umene siinaudziwe.

Luso lake silifuna makina. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofuna kudziwa mtengo ayang'ane tsamba lonse kuyambira pamene lachokera pa nthambi, osati katsamba kamodzi. Aone khungwa, minga ndi utomoni, kenaka adikire nyengo ya maluwa ndi zipatso, pakuti ndi pamene apachibale amasiyana poyera. Njere zofesa azitole yekha pansi pa mtengo umene wautsimikizira, ndipo alembe dzina lake m'zinenero zonse za m'deralo, poti mtengo umodzi ndi mninga ku Tanzania, mukwa m'madera ena a Zambia, ndi mlombwa ku Malawi. Pakatsala chikayiko, nthambi yokhala ndi masamba ndi zipatso ikaonetsedwe kwa mlangizi wa zankhalango mbande zisanagawidwe kwa anthu.