Usalole kuti ayifafanize laputopu ija

Johannesburg, mwezi wa June

Mphwanga wokondedwa,

Ndikhulupirira nonse muli bwino kumeneko kwa Chiwamba. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chafika m'mafupa. M'mawa ndikafika kushopu zala zimakhala zitauma, moti ndimayamba ndazifunditsa pa kapu ya tiyi ndisanagwire foni ya munthu. Amayi uwauze kuti bulangete lawo ndagula kale, ndikungodikira munthu wodalirika wobwera pa basi. Nanga chimanga chalowa chochuluka bwanji m'nkhokwe? Pa foni paja unangoti chilipo, koma ine ndikufuna kumva ngolo zingati.

Tsono nkhani ya laputopu. Uthenga wako ndaumva: Steam ikukana kutseguka, ikulemba kuti yalephera kulumikizana ndi seva, ndipo ana a atsibweni akungobwerera madzulo osayendetsako mathiraki awo a Euro Truck Simulator 2. Wanenanso kuti mnyamata wina wokonza mafoni wakuuza kuti ayifafanize yonse n'kuikamo Windows yatsopano. Usalole, ndagwira mwendo wako. Magemu onse aja ndinawatsitsa kuno pa WiFi ya kushopu, mausiku angapo ndikusiya makina akuyaka. Akafufutika, ndalama ya bandulo yowabwezera ikhoza kugula thumba la feteleza. Komanso anthu ambiri okonza amakonda kuika Windows 7 poti ndi yopepuka, pamene Steam inasiya kuthandiza Windows 7 ndi 8 kuyambira pa 1 January 2024. Ungapite ndi chimfine n'kubwerako ndi chibayo.

Magemu ako ali momwemo, palibe chawonongeka. Steam ili ngati mlonda wa pachipata. Usanalowe, imatumiza uthenga kwa eni ake, kampani ya Valve ya ku America, kufunsa ngati iwe ndiwedi mwini akaunti. Yankho likapanda kubwera, mlondayo satsegula. Ntchito yathu n'kupeza pamene uthengawo ukukodwa.

Yamba ndi bandulo. Kaya uli pa Airtel kaya pa TNM, bandulo ya WhatsApp ndi Facebook imagwira zomwezo basi. Foni imaoneka kuti ili pa intaneti, laputopu nayo imaonetsa kuti yalumikizidwa ku hotspot, koma Steam sidutsa. Gula bandulo ya intaneti yonse, ngakhale yatsiku limodzi, utsegule tsamba lililonse pa Chrome uone ngati likubwera.

Koma ine ndikukayikira wotchi. Pa chithunzi chimene unanditumizira ndinakulitsa pakona ya kumanja pansi, ndipo deti yake ikunena chaka cha 2015. Mphwanga, mfiti yako ndi imeneyo. Seva iliyonse yotetezedwa imaonetsa chiphaso chokhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera, monga chitupa cha unzika. Laputopu yako ikuganiza kuti tidakali mu 2015, ndiye ikalandira chiphaso cholembedwa chaka chino imati ichi n'chabodza, tsiku lake silinafike, n'kukana kulankhula nayo sevayo. Chimachititsa n'kabatire kakang'ono kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kamene kali m'kati mwa makinawo. Ntchito yake n'kuyendetsa wotchi laputopu ikazima. Kakatha mphamvu, ndiye poti batire lalikulu lija linafa kale, nthawi iliyonse sola ikatha moto wotchi imabwerera m'mbuyo.

Sabata yatha ndinakonza ina yotere ya bambo wina wa ku Zimbabwe. Anabwera atatuluka thukuta kuti makina ake alowa kachilombo. Nditamasula tizomangira tapansi ndinapeza kabatireko katakulungidwa mu kapulasitiki kakuda, kali ndi timawaya tiwiri, kofiira ndi kakuda. Kusintha sikunathe mphindi khumi, ndipo bamboyo anachoka akuseka yekha.

Iwe chita chonchi. Dina kumanja pa wotchiyo, usankhe Adjust date/time. Pa Time zone usankhe pamene palembedwa Harare, Pretoria, chifukwa nthawi yake ndi imodzi ndi ya kwathu. Uyatse Set time automatically, kenako udine Sync now foni ili yolumikizidwa. Deti ikakhala bwino, tseka Steam yonse n'kuitsegulanso. Uzichita zimenezi tsiku lililonse mpaka utagula kabatire kena. Kambiri kamakhala ka CR2032, ndipo okonza mawotchi mumsika wa Lilongwe amakhala nato, koma utengeko laputopu yomwe kuti wokonza aone ngati kako ndi kamawaya. Usatsegule wekha ndi mpeni.

Zikakanikabe, sintha DNS pa laputopupo uike 8.8.8.8, ya Google. Ukafika pamenepo undiimbire pa vidiyo ndikulondolere, chifukwa polemba ndingakusokoneze. Tidzaonanso ngati firewall sinatsekereze Steam.

Udziwenso kuti masiku ena vuto silikhala lako. Eni Steam amakonza maseva awo Lachiwiri lililonse madzulo a kwawoko, kumene kwathu kumakhala cha m'ma 1 kapena 2 koloko usiku wolowa Lachitatu, ndipo imatha kuduka kwa kanthawi. Komanso dziko lathu lilibe nyanja ya mchere, ndiye intaneti yathu imadzera kwa anansi monga Tanzania ndi Mozambique isanalowe m'zingwe za pansi pa nyanja. Ukukumbukira mu May 2024 pamene mauthenga athu ankachedwa kufika? Zingwe za EASSy ndi Seacom zinaduka kufupi ndi gombe la kunoko ku South Africa, ndipo maiko ambiri a kum'mawa kwa Africa anavutika, ife tomwe. Tsiku lotero ungamasule makina onse osapeza kanthu. Funsa kaye anzako ngati intaneti ikuyenda kwa iwo.

Chimene ndikufunitsitsa uchite ndi ichi. Steam ikangotseguka, ima pamene netiweki imagwira bwino, paja pachulu cha kuseri kwa khola, ulowe mu akaunti utachonga kuti izikukumbukira. Ikapempha nambala ya Steam Guard undiimbire, imabwera ku imelo yanga. Mu Settings, pa Downloads, uike dera la Johannesburg, ndi kufupi kuposa Ulaya. Udikire imalize kutsitsa zonse zatsopano, uyatse gemu ya mathiraki kamodzi, kenako pakona ya kumanzere pamwamba udine Steam n'kusankha Go Offline. Kuyambira pamenepo mlonda uja safunsanso ku America, ndipo anawo aziyendetsa mathiraki awo popanda bandulo. Gemu ya Counter-Strike yokha ndiyo imafuna intaneti ukamasewera ndi anthu ena, ndiye imeneyo uziisungira tsiku limene wagulitsa mtedza.

Pasiwedi usapatse munthu, ngakhale mnzako wa ponda apa nane mpondepo. Ndipo laputopuyo ndinatumizira sukulu poyamba, magemu pambuyo. Mlongo wathu akafuna kulembapo ntchito yake, mathiraki aime.

Upereke moni kwa amayi, agogo ndi atsibweni. Agogo uwauze kuti mankhwala opaka m'mawondo abwera limodzi ndi bulangete. Ukakonza deti ija unditumizire chithunzi cha pakona pomwepo ndione.

Ndine mkulu wako.