Minda yopanda pepala ya ku Kalingalinga

Pakati pa Kalingalinga ndi yunivesite panali tchire. Udzu unkatalika mpaka kubisa munthu, koma mvula ikayandikira tchire lonselo linkasanduka minda. Kuyambira kuseri kwa nyumba zathu kulowera ku msewu wa Great East, cha ku bwalo lakale la ndege, ndiponso m'mbali mwa njira ya ku Mtendere, paliponse pamene panalibe khoma pankamera chimanga. Malowo sanali athu. Ena anali a yunivesite, imene inatsegulidwa mu 1966, ena a boma, ena sitinkafunsa n'komwe mwini wake. Komabe aliyense ankadziwa poyambira ndi pothera munda wake.

Ine ndinachokera ku Katete nditangokwatiwa, chapakati pa zaka za m'ma 1970, kutsatira bambo a ana anga amene ankagwira ntchito ya umesenjala m'tauni. Khasu ndinalisiya kumudzi dala, poti mkazi wa ku Lusaka salima. Koma n'kuti malire a ku Rhodesia atatsekedwa mu 1973, mtengo wa kopa utagwa mu 1975, zinthu zitayamba kusowa. Ku masitolo a ZCBC ndi Mwaiseni tinkaima pa mzere kuyambira mbandakucha kudikira saladi, sopo ndi shuga, mwina n'kubwerako chimanjamanja. Malipiro a mesenjala sankafika kumapeto kwa mwezi. Posakhalitsa ndinagula khasu lina pamsika.

Munda sunkagulidwa, ndiponso sunkapemphedwa kwa cheyamani wa chipani. Iye ankagawa malo omangapo nyumba. Za minda unkapita kwa amene anayamba kulima dera limenelo, ndipo kwathu anali amayi ena achikulire a ku Petauke. Ndinawapeza akusenda nyemba pakhonde, ndinagwada, n'kunena kuti, "Amama, ndifunako polima." Iwo anati, "Mwana wanga, malo si anga. Koma kuyambira pa chulu chija kukafika pa mtengo wa msuku palibe amene wapondapo. Ukaswa mphanje ndi pako." Mawa lake anandiperekeza, anaitana amayi awiri olima moyandikana ndi malowo, tinayenda m'malire tonse. Amenewo ndiwo anali mapepala anga: maso a anthu atatu.

Lamulo la mindayo silinalembedwe koma linali lolimba kuposa ambiri amene ndaona olembedwa. Malire ankakhala mwala, chitsa, kapena mzere wa chinangwa. Wodya malire a mnzake ankaitanidwa pomwepo, makasu ali m'manja, nkhani n'kuthera m'munda. Ukasiya malo osalima nyengo imodzi anthu ankakudikira, poti pali matenda ndi maliro. Ukasiya kawiri, wina ankabwera kudzakupempha, ndipo kukana kunali manyazi. Banja likasamutsidwa kupita ku Kitwe kapena ku Kabwe, munda unkasiyidwa kwa mlamu kapena kwa mnzako wa ku chigwirizano cha amayi, poyera, mboni zilipo.

Ntchito inkayamba mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tinkasosa, kuunjika zinyalala, kutentha madzulo, kenako kuunga mizere. Zikondwerero za pa 24 Okutobala zikatha, maso onse ankakhala kumwamba. Mvula yoyamba yozimitsa malupsa sitinkabzala nayo. Tinkadikira ya mu Novembala, ija yolowa pansi mpaka chala chonse n'kupeza chinyezi. Dothi la kwathu kuno linali lofiira, lolimba m'chilimwe, koma lomvera. Anzathu a ku Kanyama ankalima m'mipata ya miyala, pamalo amene madzi sachedwa kudzaza, ndipo chigumula cha 1978 chinawatengera nyumba ndi minda yomwe.

Mbewu ya SR52 inkatchuka kwambiri, koma inali yodula ndipo popanda feteleza inkangokuyang'ana. Ambiri tinkadalira chimanga cha makolo chimene abale ankabwera nacho pa basi ya ku Chipata, chomangidwa m'kansalu. Feteleza ankagulitsidwa ku Namboard, D kompaundi wokulitsa ndi yureya wobereketsa, koma thumba lathunthu ndani akanaligula yekha? Tinkasonkherana anayi kapena asanu, n'kugawana ndi chitini. Pothira tinkayeza ndi kachivindikiro ka botolo, phando limodzi kamodzi. Cha m'ma 1980 wailesi inadzaza ndi nkhani ya Lima, munda wa mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, woyezedwa ndi chingwe, feteleza wake woyezedwa ndi kapu. Tinkamvetsera n'kumaseka, chifukwa minda yathu yambiri sinkafika ndi theka lomwe la muyeso umenewo. Chimene chinkatithandiza kwenikweni ndi zitosi za nkhuku, phulusa la pa mbaula, ndi dothi lakuda la kudzala, zimene tinkasenza m'mabeseni m'mawa uliwonse popita kumunda.

Anthu amakumbukira chimanga, koma phindu lenileni la mindayo linali ndiwo. Pakati pa mizere tinkabzala maungu, nyemba ndi khobwe, kumphepete nshawa, ndipo kandolo tinkamuungira nthumbira zake mu Januwale. Bondwe ndi delele ankamera okha, ndipo popalira khasu linkawalambalala. Chimanga chisanafike m'chiuno tinali titayamba kale kuthyola chibwabwa. Januwale ndi mwezi umene ndalama zonse zapita ku mayunifomu ndi mabuku, ndiye mayi amene anali ndi munda ankangogula mchere ndi tomato. Masamba akachuluka tinkafutsa: kuwafufusa pang'ono m'madzi otentha, kuyanika pa mphasa, kenako kumanga zikwatu ndi masamba a msuku n'kupachika kudenga. Mfutso umenewo, wotendera nshawa, unkatifikitsa mu Seputembala.

Adani a munda wa m'tauni anali atatu. Woyamba kapuchi, amene tinkalimbana naye pothira mchenga wosakaniza ndi phulusa pamsonga ya chimanga. Wachiwiri akuba. Chimanga chikangokhwima tinkalondera mosinthana, abambo ena n'kumagona komweko ndi wezulo. Amama a ku Petauke aja ankapachika kabotolo kokulungidwa ndi nsalu yofiira pa ndodo pakati pa munda wawo, ndipo palibe amene ankathyolamo ngakhale chimanga chimodzi. Tsiku lina anandinong'oneza kuti m'botolomo munali madzi a pampopi basi. Ife opanda mbiri ya mankhwala tinkakolola msanga, chimanga chisanaumitsitse, n'kudzachiyanika pa malata.

Mdani wachitatu ndiye ankawawa. Zaka zina, cha mu Febuluwale, chimanga chitamasula ngayaye, kunkabwera lole yodzaza anyamata a zikwakwa otumidwa ndi akuluakulu a mzinda. Ankati chimanga chimaswetsa udzudzu ndiponso chimabisa mbava. Chimene munthu walimbana nacho miyezi inayi chinkagona pansi dzuwa lisanafike pamutu. Anyamatawo anali ana a m'makomboni momwemu, ena amayi awo anali ndi minda ku Chawama kapena ku George, ndipo ankatchetcha atawerama osafuna kuonana nafe maso. Usiku womwewo pa wailesi a Pulezidenti Kaunda ankatilimbikitsa kulima, kubwerera ku nthaka, kudzidalira pa chakudya. Mpaka lero ndimati boma linkafuna chimanga koma silinkafuna kuchiona pafupi ndi msewu umene alendo amadutsa. Za udzudzuzo, mwana wanga wina amene anaphunzira za chipatala anadzandiuza kuti mu 1978 magazini ya madokotala a muno m'Zambia inasindikiza kafukufuku wa anthu amene anasuzumira m'mapesi a chimanga ndipo sanapezemo udzudzu wa malungo. Zithaphwi za m'misewu yathu, zimene zinkakhala mpaka Epulo, palibe amene anatumizira lole.

Tikatchetcheredwa sitinkapita kukadandaula kulikonse. Wolima pa malo a eni adandaula kwa ndani? Tinkatola zimene zatsala, maungu n'kupitiriza kuyanga pansi, ndipo amene minda yawo yapulumuka ankagawirako anzawo dengu limodzi limodzi.

Mvula ikatha, ulimi unkasamukira pakhomo. Kumeneku vuto linali madzi. Kalingalinga inakhala zaka zambiri ikuonedwa ngati komboni yosaloledwa, madzi tikutunga m'zitsime. Lamulo la 1974 la zokonza makomboni litabwera, George ndi Chawama anayamba kukonzedwa ndi ndalama za World Bank, ndipo kwathu a ku Germany anathandiza m'zaka za m'ma 1980: mipopi, misewu, sukulu, kiliniki, msika. Nyumba zinapatsidwa chilolezo chokhalapo zaka 30. Minda sinatchulidwe. Mpopi utayandikira, pafupifupi khomo lililonse linali ndi kadimba ka repu, chainizi ndi anyezi, kotchingidwa ndi minga kapena masaka chifukwa cha nkhuku za aneba. Tinkafesa mu Epulo, kuwokera madzulo dzuwa litapepa, n'kumathirira ndi madzi otsukira mbale ndi osambitsira ana. Nsabwe za masamba zikagwa tinkawaza phulusa, kapena madzi onyikamo fodya ndi kasopo. Repu wa ku komboni ya Garden, wothiriridwa ndi madzi a m'madamu a zonyansa a Manchinchi, ankakhala wa masamba aakulu obiriwira bii. Tinkamunena, koma wathu akatha tinkagula.

Mu Juni 1990 mtengo wa unga unakwera kuposa kawiri. Ana a ku yunivesite anayamba zionetsero, achinyamata a m'komboni mwathu n'kulowerera, masitolo anathyoledwa, anthu anafa. Pa 30 Juni m'mawa msilikali wina, Mwamba Luchembe, analankhula pa wailesi kuchokera ku nyumba youlutsira mawu ya Mass Media, pafupi ndi ife pomwepa, kuti asilikali atenga boma, ndipo pasanathe maola ambiri zinatha. Masiku amenewo panalibe kogula unga. Kwathu nsima sinadukize, chifukwa pansi pa bedi panali matumba a chimanga cha m'munda uja, ndipo chigayo chitatsekedwa tinatulutsa mtondo. Koma mu 1992 chilala sichinasankhe. Chimanga chinapserera chili m'mawondo, tonse tinadya nsima yachikasu ya chimanga chochokera kunja.

Minda sinathe tsiku limodzi. Chaka china unkapita kukasosa n'kupeza timiyala ta simenti tokhomedwa m'makona, chaka chotsatira waya, kenako khoma. Wanga unapita choncho. Palibe amene anatiuza, ndipo sitinayembekezere kuuzidwa. Dera lonselo tsopano ndi maofesi, nyumba zosanja ndi masitolo aakulu. Pakhomo napo, pamene panali madimba anthu anamangapo zipinda za lendi, chifukwa chipinda chimodzi chimabweretsa ndalama zoposa repu wa chaka chonse.

Amene sanathe kusiya khasu amabwereka malo ku Chongwe, kulipira mwini munda, kulipira minibasi, kulipiranso wolondera, ndipo akawerengera amapeza kuti thumba lawo la chimanga latsala pang'ono kufanana mtengo ndi la ku msika wa Soweto. Ine mawondo anakana. Ndimabzala repu ndi kalembula m'masaka a unga odzaza dothi, m'mbali mwa khoma, ndipo chaka chino adzukulu andilonjeza zitosi za nkhuku kuchokera kwa mnzawo woweta ku Mtendere.