Ntchito ya Wolemba Mapu ku Nyimba

Anthu a kwathu akandiona ndikuyenda m'mphepete mwa munda, foni ili m'manja, nduna ya amfumu ili patsogolo, ena amanong'onezana kuti kwabwera munthu wodzalanda malo; ndipo popeza mantha otere sabadwa pachabe, ndaona kuti n'koyenera ndilongosole ntchito imene ndaigwira zaka zoposa khumi m'maiko a mafumu athu Ndake, Luembe, Nyalugwe ndi Mwape, ndiyo yolemba mapu.

Sindinailowere pa khomo la sukulu zapamwamba. M'chaka cha 2012 bungwe lofufuza za nkhalango la CIFOR linayamba ntchito muno m'boma la Nyimba, ndipo akatswiri ake, podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, anaphunzitsa anthu a m'midzi kuyesa mitengo ndi manja awo. Kumeneko ndinaphunzira kuzunguliza tepi pa thunthu la mtengo pa msinkhu wa pachifuwa, ndiwo mita imodzi ndi masentimita 30 kuchokera pansi, ndi kulemba dzina lake, kaya ndi mlombwa, msuku kapena tsanya. Kumenekonso ndinagwira koyamba kachipangizo ka GPS, kamene kamamvera masatelayiti a m'mlengalenga ndi kunena pamene munthu waima. Pansi pa mitengo yowirira kamayamba ndi kuvomera kuti kangaphonye ndi mamita 15, ndipo mmisiri ayenera kuima chilili, dzuwa likumuotcha, kufikira nambalayo itatsika pa 5 kapena 4, ndipo pokhapo asindikize. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wosadekha sakhalitsa pa ntchito ino.

Pambuyo pake ndinadziwa za OpenStreetMap, mapu amene Steve Coast anayambitsa ku Britain m'chaka cha 2004, amene munthu aliyense ali ndi ufulu wolembapo msewu, mjigo kapena chipatala cha kwawo. Chivomezi chitagwedeza Haiti mu Januwale 2010, anthu odzipereka a m'maiko ambiri anakhala pa makompyuta awo, nalemba misewu ya Port-au-Prince m'masiku owerengeka poyang'ana zithunzi za satelayiti. Ndipo kuyambira 2014, pansi pa dzina la Missing Maps, mwambo umenewo unafika ku midzi yonga yathu, kotero kuti wophunzira wa ku London, amene sanamwepo madzi a Luangwa, akhoza kutha madzulo ake akulemba madenga a ku Kacholola osalandira ngwee. Anthu amenewa ndimawalemekeza ndi mtima wonse. Koma diso la kumwamba limaona denga lokha, ndipo denga la udzu la nyumba yogona, la khitchini ndi la nkhokwe, onse ali ozungulira ngati lichero lovundikira. Wolemba wa kutali akawayesa onse nyumba, opopera mankhwala a udzudzu adzanyamula katundu wa mudzi umene kulibe. Chithunzi chojambulidwa mu Okutobala chimaonetsa njira yoyera yodutsa pa mchenga, osanena kuti mu Febuluwale njirayo ili pansi pa madzi, ndi kuti mayi wodwala ayenera kuzungulira. Zimenezi amazidziwa ndi mapazi, ndipo gawo langa ndilo kupita kukaona, kufunsa, ndi kukonza.

Akatswiri a m'mayunivesite sanainyalanyaze ntchito ya odzipereka imeneyi. Michael Goodchild, mmodzi wa akuluakulu a sayansi ya mapu, analemba mu 2007 kuti nzika wamba zasanduka maso ndi makutu a sayansi imeneyi. Ndipo Muki Haklay, atayerekeza mu 2010 mapu a odzipereka ndi mapu a boma la Britain, anapeza kuti misewu yake inasiyana ndi mamita pafupifupi 6 okha, komanso kuti madera a anthu osauka ndi a kumidzi ndiwo anatsalira osalembedwa bwino. Mawu achiwiriwo ndiwo anandilasa mtima, pakuti ngati zili tero ku England, nanga kuchigwa kwa Luembe kumene netiweki imapezeka pamwamba pa chulu?

Cholakwa changa chachikulu ndinachichita ndi mapu akale a boma, aja a muyeso wa 1:50,000, amene anapimidwa pa maziko otchedwa Arc 1950, pamene foni imawerenga pa maziko a WGS 84. Ine, posasamala kusintha, ndinasanjika ziwirizo, ndipo mizere yanga yonse inasendera pafupifupi mamita 300, munda wa mkulu wina n'kugwera tsidya lina la mtsinje. Mkuluyo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, nati, "Mwanangu, chibadwire changa mtsinje uwu sunasamuke." Ndinabwerera ndi manyazi kukafufuza, ndipo ndinapeza kuti wolondola anali iye.

Koma ntchito yolemera koposa ndiyo ya malire. Lamulo la malo la 1995 limavomereza malo a mafumu, koma mwini munda nthawi zambiri alibe pepala m'manja. Chifukwa chake anzathu a Petauke District Land Alliance, mothandizidwa ndi USAID, anayenda munda ndi munda m'dziko la Mfumu Sandwe, kufikira mabanja analandira zikalata zosainidwa ndi mfumu yawo. Njira yawo ndiyo ndimatsata, ndipo si yachilendo, pakuti Yoswa nayenso anatuma amuna kukayendera dziko ndi kulilemba m'buku asanaligawe. Sindisindikiza ngodya ya munda popanda eni mbali zonse ziwiri ndi mboni ya anyakwawa. Akatsutsana, ndimabweza foni m'thumba, chifukwa mlandu ndi wa bwalo, si wa makina. Tsiku lina mayi wamasiye wokalamba, amene abale a malemu amuna ake anafuna kumuchepetsera munda, ananditsogolera pa chitsa chakuda chobisika m'udzu, nachigogoda ndi ndodo yake. Ndinati, "Ambuya, mtengo wake uli kuti?" Iwo anati, "Unali mkuyu, anaudula ndi amalume anga chaka cha njala. Funsani awa, anadyako nkhuyu zake." Woyandikana nawo anawerama mutu, navomera. Palibe satelayiti imene ikadaona chitsa chimenecho.

Zilipo zimene sindiika pa intaneti ngakhale ndazipima: manda, malo a nsembe, ndi maina a eni minda. Zimenezo ndi za mudzi, ndipo ndimadana ndi khalidwe la ofufuza ena amene amakolola nzeru za anthu, nakwera galimoto, osabweranso. Ine ndikatha kulemba ndimasindikiza mapu pa pepala lalikulu, ndi kubwerera nalo, ndi kuliyala pa mphasa pabwalo la anyakwawa, miyala inayi ili m'ngodya kuopa mphepo, kuti aliyense wokhala ndi chodandaula anene maina akuwerengedwa. Ambuya aja sadziwa kuwerenga. Nditabwerera ndi mapu kumudzi kwawo, anandipempha ndigwire chala chawo ndi kuchiyendetsa pa mzere, kuchokera pa chulu, kutsikira kudambo, kufikira pa kadontho ka chitsa chija, ndipo atafika pamenepo anaitana mdzukulu wawo wamkazi kuti naye aikepo chala.